Mphunzitsi wa M'foni Alibe Makutu

M'machalichi athu ambiri muli gitala imene inaleka kulira. Mukalowa m'kacipinda kosungiramo mabenchi othyoka ndi ng'oma zong'ambika, mudzaipeza ili pa msomali, fumbi lili mbuu, nsambo imodzi kapena ziwiri zitaduka. Mukafunsa, yankho limakhala lofanana pafupifupi kulikonse: mnyamata amene anali kuiliza anapita ku koleji ku Lusaka, kapena anapeza nchito ku migodi ya ku Solwezi, kapena anakwatira nasamukira kwina. Anapita ndi luso lake lonse m'zala, osasiya wolowa m'malo. Pamene gitalayo inali kugulidwa, acinyamata anacita kupalira minda ya anthu ndi kuumba njerwa kuti ndalama zikwane, koma lero ikungopindika ndi cinyezi.

Kale munthu anali kuphunzira gitala pokhala pafupi ndi woidziwa. Anyamata anali kuyamba ndi banjo ya citini ca saladi ndi mawaya a mabuleki a njinga, ndipo wamwai anali kupeza mkulu womuonetsa poika zala. Ngati m'mudzi mwanu munalibe wodziwa, kapena wodziwayo anali waumbombo ndi luso lake, nkhani inali kuthera pomwepo. Masiku ano mphunzitsi ali m'thumba. Ndi foni ndi bandulo ya intaneti, wacinyamata wa ku Katete angaphunzitsidwe ndi munthu wa ku London kapena wa ku America, usana kapena usiku, osamulipira kanthu. Ine ndine mmodzi wa amene anaphunzira motero, ndipo ndifuna kukuuzani, anzanga acinyamata, zimene mphunzitsi wa m'foniyu anandipatsa, ndiponso malire amene iye sangathe kuwadumpha.

Mmene ndinayambira

Ndine mtsikana, ndipo kwathu ku Chipata gitala imaonedwa ngati cinthu ca anyamata. Atsikana timaimba soprano ndi alto, timaomba m'manja ndi kugwedeza maseche. Pa zaka zonse zimene ndinali m'kwaya ya acinyamata sindinaonepo gitala ikupatsidwa kwa mtsikana, ndipo ndikapempha kuti ndiigwireko, anyamata anali kuseka ndi kunena kuti ndidzadula nsambo. Mwai unabwera mu March 2020, pamene matenda a COVID-19 analowa m'dziko lathu. Masukulu anatsekedwa, misonkhano inacepetsedwa, ndipo kwaya inaleka kukumana. Woliza gitala wathu anali atacoka kale. Ndinapita kwa wapampando wa acinyamata kukapempha kuti ndikaisunge kunyumba, ndipo anavomera, mwina poganiza kuti ndidzangoipukuta fumbi.

Cinthu coyamba kuphunzira ndico kuchuna. Gitala ili ndi nsambo 6, ndipo kuyambira pa yonenepa kufika pa yoonda kwambiri maina ake ndi E, A, D, G, B, E. Pa foni ya alongo anga ndinaikapo pulogalamu yochedwa GuitarTuna, imene imamvetsera kulira kwa nsambo ndi kuonetsa ngati yakwera kapena yatsika. Ndinalembanso m'kope njira yochunira popanda foni. Pakhosi pa gitala pali timizere tacitsulo topingasa, tochedwa mafureti. Ukakanikiza nsambo yonenepa pa fureti yacisanu, iyenera kulira cimodzimodzi ndi nsambo yotsatira ukailiza yosakanikiza. Umatero kutsika nazo zonse, kupatula nsambo ya G, imene umaikanikiza pa fureti yacinai kuti uchune ya B. Tsiku limene gitalayo inalira molongosoka koyamba, amai anatuluka m'khichini ndi mthiko m'manja kudzaona ngati kwabwera mlendo.

Aphunzitsi a gitala pa intaneti ndi ambirimbiri. Ine ndinasankha Justin Sandercoe, munthu wa ku Australia amene anakakhala ku England. Iye anatsegula webusaiti yake ya JustinGuitar mu 2003, ndipo anayamba kuika maphunziro pa YouTube mu 2006, patangopita caka cimodzi YouTube itayamba. Ndinamusankha cifukwa maphunziro ake a oyamba kumene ndi aulere, ndiponso amatsatana bwino ngati magiredi a kusukulu. Aliponso ena ochuka, monga Marty Schwartz wa ku America, amene amakonda kuphunzitsa nyimbo imodzi imodzi. Palinso makosi olipira mwezi ndi mwezi, monga Fender Play imene inayamba mu 2017, koma amenewa amafuna ndalama zakunja ndi khadi la kubanki. Wacinyamata wa kwathu kuno sayenera kudandaula nazo, pakuti zaulerezo ndi zokwanira kumufikitsa patali.

Ubwino wa mphunzitsi wa m'foni ndi wakuti satopa, sakwiya, ndipo saseka munthu. Ndinali kumubweza kakhumi pa cinthu cimodzimodzi, iye n'kumabwerezabe ndi nkhope yosekerera. Sanandifunse ngati ndine mnyamata kapena mtsikana. Cingerezi cake cikandithamangira, ndinali kucepetsa liwiro la vidiyo kufika pa 0.75 kapena 0.5, cimene YouTube imalola popanda kusintha kiyi ya nyimbo, ndipo ndinali kuyatsa mau olembedwa pansi pa cithunzi. Kwa munthu wamanyazi, kapena amene anthu anamuuza kale kuti sangathe, imeneyi ndi mphatso yaikulu ndithu.

Zala, kope ndi bandulo

Bandulo imatha msanga ndi mavidiyo, ndipo foni inali ya alongo anga. Conco ndinadziikira lamulo. Vidiyo iliyonse ndinali kuionera pa 360p, pamene zala zimaonekabe bwino koma data siipita yambiri, ndipo ndinali kuionera kawiri kapena katatu cabe. Zonse zofunika ndinali kuzijambula m'kope. Chord ndi mau atatu kapena kuposa olira pamodzi, ndipo cithunzi cake n'cosavuta kulemba: mizere 6 yoimirira ndiyo nsambo, mizere yopingasa ndiyo mafureti, ndipo timadontho takuda tionetsa poika zala. Ndikamaliza kujambula ndinali kubweza foni kwa mwini wake ndi kutsala ndi gitala ndi kope. Nthawi yoonera inali yocepa, nthawi yoliza inali yambiri. Mlingo umenewu ndiwo umasiyanitsa amene adzaliza ndi amene adzangokhala oonerera.

Kosi ija imayamba ndi ma chord atatu, A, D ndi E. Kuika zala pa chord imodzi si nkhani. Nkhondo ili pa kucoka pa ina kupita pa ina nyimbo isanakusiye. Mphunzitsiyo ali ndi njira imene inandithandiza koposa zonse: usankhe ma chord awiri, uchere wochi pa mphindi imodzi, ndipo uwerenge kuti wasintha kangati. Nambalayo uilembe, mawa uyesenso. Tsiku loyamba ndinasintha kasanu ndi kawiri cabe pakati pa A ndi D. Ndinali kucita zimenezi m'mawa ndikatha kusesa ndi madzulo ndikatsuka mbale, mphindi 20 nthawi iliyonse, ndipo manambala m'kope muja anali kukwera pang'onopang'ono. Pa masiku amene makutu anga sanali kumva kusintha kulikonse, manambala ndiwo anali kundilimbitsa mtima.

Za kuwawa kwa zala musanamizidwe, kumakhalapo. Masabata oyamba nsonga za zala za dzanja lamanzere zinali kuyaka ngati ndagwira mphika wa pamoto, kufikira khungu litalimba. Zikhadabo za dzanja limenelo ziyenera kuwengedwa zifupi, apo ai nsambo siifika bwino pa fureti. Komanso gitala yakale imaonjezera ululu, cifukwa nsambo zake zimakhala zitatalikirana ndi khosi. Vidiyo ina inandionetsa kuti kafupa koyera kamene nsambo zimatsamirapo kumimba kwa gitala kangathe kucotsedwa ndi kupalidwa pang'ono kunsi kwake. Ndinapita nayo kwa kalipentala wa pafupi ndi msika wa Kapata, anakapala ndi sandipepa, ndipo gitala inafewa ngati yatsopano. Piki yokhwatulira nsambo ndinaidula ku khadi lakale la pulasitiki.

Pali msampha umodzi umene ndaona ukugwira anzanga ambiri. Foni ili ngati msika: umapita kukagula mcere, umabwerako ndi zitenje ndi nsapato, mcere utaiwala. Vidiyo imodzi ikatha, ina yayamba kale, ndipo iliyonse ikulonjeza kuti udzadziwa gitala m'masiku 7. Mnzanga wina ali ndi mavidiyo oposa kuwerenga m'foni mwake, amadziwa ciyambi ca nyimbo zambiri, koma palibe imodzi imene angailize kufika kumapeto. Wina anayamba bwino, koma pofuna phunziro lotsatira anali kupezeka ali pa Facebook kapena pa TikTok mpaka tambala kulira. Kosi imodzi yotsatidwa mokhulupirika iposa mavidiyo 100 osankhidwa mwacisawawa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamene kwaya inayambanso

Kwaya itayambanso kukumana, ndinali kudziwa ma chord 8 ndipo ndinali kuliza nyimbo zingapo za Cingerezi kuyambira poyamba mpaka potsiriza. Anyamata aja anasiya kuseka. Koma pa Ciweru coyamba cimene ndinakhala pakati pa anzanga ndi gitala pamwendo, ndinakumana ndi cinthu cimene vidiyo iliyonse inali isanachulepo. Mphunzitsi wa m'foni amayamba ndi kukuuza kuti nyimbo iyi ili mu kiyi ya G, ma chord ake ndi awa, tiyeni tiwerenge kanai ndi kuyamba. Kwathu sititero. Wotsogolera amangotsegula pakamwa, nyimbo n'kutuluka pamene mmero wake wafuna tsiku limenelo, ndipo onse amalandira. Palibe amene amachula kiyi, ndipo ambiri saidziwa n'komwe. Anthu 30 anali kuimba, ng'oma inali kulira, ndipo dzanja langa linali m'mwamba kufuna khomo lolowera.

Pa benchi ya kumbuyo panali agogo ena, mkulu wa mpingo wopuma, amene amakonda kudzamvera acinyamata akamakonzekera. Pa unyamata wao anagwira nchito ku mgodi wa ku Luanshya, ndipo kumeneko anali kuliza gitala m'mabwalo a mowa asanatembenuke mtima. Lero zala zao zinapindika ndi nyamakazi, sangathenso kukanikiza nsambo. Titamaliza anandikodola.

"Mama, bwera nayo kuno. Liza nsambo zonse imodzi imodzi."

Ndinaliza. Iwo anali atatsinzina.

"Yacitatu kucokera pansi yatsika pang'ono. Ndipo cala cako capakati cikukhudza nsambo ya mnzake, n'cifukwa cake ikulira ngati ili ndi cimfine."

Ndinayang'ana pa foni, ndipo nsamboyo inalidi itatsika. Za calazo, miyezi yonse ija panalibe wondiuza. Apa m'pamene ndinazindikira cimene mphunzitsi wanga wa m'foni analibe. Ali ndi pakamwa, ali ndi zala zaluso, ali ndi kuleza mtima, koma alibe makutu. Ine ndimamuona ndi kumumva, iye sandiona ndipo sandimva. Nsambo ikamalira moipa, iye amati wacita bwino, tiyeni tipitirire. Ukamathamanga kuposa nyimbo, iye sadziwa.

"Agogo," ndinafunsa, "nanga kiyi ndingaipeze bwanji ngati palibe wondiuza?"

"Kiyi n'ciani? Ife zimenezo za A ndi D sitinaphunzire. Iwe suli wa kwaya kodi? Funa do."

Do, fa ndi so

Mau amenewo ananditsegulira khomo. Ife a m'makwaya tinakulira pa do, re, mi, njira yophunzitsira nyimbo imene John Curwen anaifalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800, ndipo amishonale anabwera nayo kuno. Mwana aliyense wa kwaya amamva m'thupi mwake pamene nyimbo yafika kwao n'kupuma. Pamenepo ndiye pa do. Agogo anandiuza kuti wotsogolera akayamba ndisathamangire kuliza. Ndiyambe ndaimba do capansipansi m'mphuno, kenaka ndiyendetse cala pa nsambo yonenepa, fureti ndi fureti, kufikira nsambo ndi mphuno zitagwirizana. Dzina la malo amenewo ndilo kiyi ya nyimbo.

Ukapeza do, ma chord akuluakulu atatu amadzibweretsa okha. Yoyamba imamangidwa pa do, ndipo mau ake ndi do, mi, so. Yaciwiri imamangidwa pa fa: fa, la, do. Yacitatu pa so: so, ti, re. Ngati do ali pa G, ma chord ake ndi G, C ndi D. Ngati ali pa D, ndi D, G ndi A. Ngati ali pa A, ndi A, D ndi E, amene ndinayamba nao aja. Ngati ali pa C, ndi C, F ndi G. Makorasi athu ambiri ndi nyimbo zambiri za m'buku zimayenda pa atatu amenewa. Aphunzitsi a pa intaneti amaphunzitsanso zimenezi, koma amazichula ndi manambala 1, 4 ndi 5, ndipo amazisungira patsogolo ngati za anthu opita patali. Ife tinali nazo kale m'makutu kuyambira ku Sande sukulu. Cinali kusowa ndi munthu wolumikiza zimene zinali m'khutu ndi zimene zinali m'kope.

Nthawi zina wotsogolera amayambira pa kiyi ya ma chord ovuta. Apa pamathandiza kapo, kacitsulo komana nsambo zonse pa fureti imodzi. Fureti iliyonse imakweza mau ndi theka la sitepe, kotero ukaika kapo pa fureti yaciwiri ndi kugwira ma chord a G, gitala imalira mu kiyi ya A. Ndisanagule yeniyeni, ndinali kumanga pensulo ndi mphira za chubu ya njinga. Agogo ataona anaseka mpaka kutsokomola, nati ku Luanshya nakonso anali kucita cimodzimodzi ndi kamtengo ndi cingwe.

Dzanja lamanja linali ndi phunziro lakelake. Makosi a kunja amaphunzitsa kuwerenga 1, 2, 3, 4, dzanja kutsika pa nambala ndi kukwera pakati pake. Zimenezi n'zoyenera nyimbo zao. Koma m'makorasi athu ambiri, phazi likaponda kamodzi mkati mwake mumakhala timagawo titatu, ndipo ng'oma, maseche ndi kuomba m'manja zimalukana monga mphasa. Ukaikapo kakhwatulidwe ka m'vidiyo, gitala imalimbana ndi ng'oma. Agogo anandilamula kuti ndigwire nsambo zonse ndi dzanja lamanzere kuti zisalire, ndipo dzanja lamanja likhale ngati maseche cabe. "Usayang'ane zala," anatero. "Yang'ana mapazi a anzakowo." Ndinacita zimenezo Ciweru ciwiri cathunthu osaliza chord ngakhale imodzi, ndipo pa cacitatu gitala inalowa m'nyimbo ngati inabadwira momwemo.

Nyimbo za m'buku nazonso zili ndi mwambo wake. Pa foni pali kacipangizo kochedwa metronome, kamene kamagogoda mosasintha kuti uzolowere kusunga liwiro, ndipo n'kothandiza pophunzira wekha. Koma mpingo umapuma. Kumapeto kwa mzere amai acikulire amakoka mau, madoda amatsalira pang'ono, ndipo onse amakokera mpweya pamodzi asanayambe mzere wina. Woliza gitala ayenera kupuma nao. Cala cimodzi siciswa nsabwe, ndipo luso limeneli silipezeka uli wekha m'cipinda.

Zathu zilimonso

Musaganize kuti intaneti ili ndi za kunja zokha. Agogo atachula maina a oimba a nthawi yao, ndinawafufuza pa YouTube ndipo ndinawapeza. Alick Nkhata, amene anabadwa mu 1922 ndi kumwalira mu 1978, anali woimba ndi muulutsi wochuka pa wailesi ya ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950. Iye anagwirapo nchito ndi Hugh Tracey, munthu amene anayendayenda m'maiko a kuno kujambula nyimbo za anthu akuda, nakhazikitsa nkhokwe yochedwa International Library of African Music mu 1954. Tracey yemweyo ndiye anajambula Jean Bosco Mwenda wa ku Katanga mu 1952 akuliza nyimbo yake yochuka ya Masanga. Oliza a ku Katanga ndi a ku Copperbelt a nthawi imeneyo anali kugwiritsa nchito zala ziwiri za dzanja lamanja: cala cacikulu cimayenda pa nsambo zonenepa ngati besi, pamene mkombaphala akuimba nyimbo pa nsambo zoonda. Ukamvera umaganiza kuti pali magitala awiri.

Tsiku lina ndinapita ndi foni kunyumba kwa agogo ndi kuwaikira Masanga. Anakhala cete nthawi yaitali. Kenaka ndinaona cala cao cacikulu cikuyenda pa ndodo yao, mkombaphala wopindika uja akutsatira. Nyimbo itatha anati ndiibwereze, ndipo ndinaibwereza kanai. Madzulo amenewo anandionetsa ndi pakamwa ndi pa ndodo mmene zala ziwirizo zimapatsirana mpata, ine n'kumayesa pa gitala, iwo n'kumapukusa mutu kapena kugwedeza. Foni inabweretsa nyimbo imene iwo anali asanaimve kwa zaka zambiri, ndipo iwo anandimasulira zimene foniyo siikanatha kufotokoza.

Kucokera pamenepo ndinamveranso magitala a Zamrock a m'zaka za m'ma 1970, a gulu la WITCH, a Amanaz amene anatulutsa cimbale ca Africa mu 1975, ndi a Paul Ngozi amene anamwalira mu 1989, komanso kalindula wa magulu monga Amayenge. Si mau onse a nyimbo zimenezi amene angaimbidwe m'nyumba ya Mulungu, koma kayendedwe ka dzanja ndi kathu, ndipo kamagwirizana ndi ng'oma zathu kuposa ka kunja. Amene afuna magitala othamanga a sebene adzapeza aphunzitsi a ku Congo akuphunzitsa m'Cifalansa ndi m'Cilingala. Ngakhale usamve cinenero, zala zimaoneka.

Caka ca mdima

Mu 2024 dziko lathu linagwa m'cilala coopsa. Mu February caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika kwambiri m'nyanja ya Kariba kumene magetsi athu ambiri amacokera, ndipo malaiti anali kuzima kwa maola ambiri tsiku lililonse. Pa nthawiyo mpingo wathu unali utagula kiyibodi ndi masipika, ndipo acinyamata ambiri anali atatembenukira kumeneko. Koma Sondo zambiri kiyibodi inali kukhala yofunditsidwa nsalu, ndipo mafoni anali ozima. Aphunzitsi onse a pa intaneti anali cete. Cinatsala ndi ng'oma, maseche, mau a anthu, ndi gitala ya bokosi imene siifuna magetsi.

Miyezi imeneyo ndinaliza mapemphero athunthu, kuyambira nyimbo yolowera mpaka yotulukira, maukwati awiri, ndi usiku wina wa maliro a mnzathu wa m'kwaya, pamene tinaimba ndi nyali ya palafini mpaka kuca. Usiku umenewo nyimbo zinali kuyambitsidwa ndi aliyense, amai a cigwirizano mbali iyi, acinyamata mbali iyo, wina ndi mau okwera, wina ndi mau osasa ndi kulira. Panalibe nthawi yotsegula kope. Ndinali kungofuna do m'mphuno, kumupeza pa nsambo, ndi kulowa capansipansi kuti ndicirikize oimbawo. Zimene munthu wasunga m'foni zimazima pamodzi ndi batire. Zimene zalowa m'zala ndi m'khutu zimapita naye kulikonse.

Kwa magulu a acinyamata

Tsopano ndikuphunzitsa ana atatu a mumpingo mwathu, atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi. Timasonkherana ndalama ya bandulo imodzi. Pa Citatu timaonera limodzi phunziro limodzi la kosi, aliyense amajambula m'kope lake, ndipo gitala imagona kunyumba kwa mmodzi masiku awiri n'kupita kwa wina. Pa Ciweru aliyense amaliza pamaso pa anzake, ife n'kumamvetsera ndi kumuuza zoona mwacikondi. Akatha ma chord atatu oyamba salindira kuti akhale katswiri. Amakhala pambali panga m'kwaya ndi kuliza korasi imodzi. Gulu lililonse la acinyamata lingathe kucita cimodzimodzi, pakuti zofunika ndi gitala imodzi, foni imodzi, makope, ndi munthu mmodzi wa khutu labwino, ngakhale asadziwe dzina la chord iliyonse.

Ndimawauzanso kuti gitala ya m'chalichi ndi wanchito wa nyimbo. Mukaona anthu aleka kuimba kuti akuonereni, cepetsani dzanja. Pa 1 Samueli 16 timawerenga kuti Davide anaitanidwa kukalizira Sauli zeze cifukwa mnyamata wina wa kunyumba ya mfumu anali atamuona nadziwa kuti ndi waluso, ndipo kuliza kwake kunapumitsa mtima wa munthu wovutika. Luso limayesedwa ndi anthu amene akulimva, ndi zimene lawacitira.

Pofufuza maphunziro a gitala, ine ndinapeza ambiri a Cingerezi ndi ocepa kwambiri a m'Cinyanja, makamaka ophunzitsa makorasi athu ndi kakhwatulidwe kathu. Foni imene timaonerapo anthu a kutali ili ndi kamera. M'mipingo yathu ya ku Chipata, Petauke, Lundazi, Matero ndi Chawama muli nkhalamba zimene zinaliza magitala m'migodi ndi m'makomboni, ndipo zikukalamba ndi luso lao m'mitu. Agogo anga a pa benchi ya kumbuyo tawajambula kale kasanu, atavomera okha, akufotokoza za do ndi za zala ziwiri, ine ndikuliza zimene akunena. Pitani kwa a kwanu Ciweru cikudzaci, muwagwadire monga mwa mwambo, muwapatse gitala kapena muwalizire, ndipo muwafunse kuti akumva ciani.